Momwe mungatsikire mitsetse ya ku Thyolo ndi thiraki yodzaza osapsereza mabuleki

Adiraiva amene mumanyamula tiyi, nthochi kaya mitengo ya bulugamu mu M2 kuchokera ku Limbe kudutsa Bvumbwe, Thyolo, Luchenza mpaka ku Muloza, komanso inu olowera ku Makwasa ndi Thekerani, nkhani ndi iyi: buleki ya thiraki nthawi zambiri sifa mwadzidzidzi ayi, imayamba yatentha kapena mpweya umene umaigwiritsa ntchito watha kaye.

Yambani galimoto isanachoke pamalo. Lizani injini mudikire mpweya ukwere, mathiraki ambiri geji imakaima cha pa 8 bar, ndipo ngati alamu ikulirabe musanyamuke olo bwana akuimba foni chotani. Ikani miyala kumatayala, zimitsani injini, masulani handibuleki, pondani buleki kwa mphindi imodzi maso ali pa geji. Muvi ukamangotsika kapena mukumva kuti tsiii pansi, penapake pakutuluka mpweya, onani mapaipi makamaka awiri opita ku thirela aja. Tulutsaninso madzi m'matanki a mpweya, kuno ndi chinyontho chathuchi amadzadzana msanga ndipo amaononga mavalavu.

Tsopano pamtsetse, apa ndiye pagona nkhani. Giya musankhiretu muli pamwamba, musanayambe kutsika. Imene mungakwerere phirilo ndi katundu yemweyo ndi yomwe mutsikire, mwinanso yotsikirapo. Mukati musinthe muli pakati liwiro litakwera kale, giya ikhoza kukana kulowa, basi mwatsala pa nyutirolo ndi matani 30 akukukankhani kumbuyo. Ndipo zoika nyutirolo dala ati kupulumutsa dizilo, abale zimenezo ndi zakupha, dizilo wake ndi wa ndalama zingati poyerekeza ndi anthu oyenda m'mbali mwa msewu, ana asukulu ndi a kabaza aja?

Yatsani ekizozi buleki kapena ritada (zipangizo zochepetsa liwiro popanda kuponda buleki ya phazi) injini izigwira galimoto. Buleki ya phazi ingothandizira: liwiro likafika pomwe mwadziikira, pondani mwamphamvu pang'ono masekondi atatu kapena anayi mpaka litsike ndi 10 km/h, kenako chotsani phazi mabuleki apume. Osagoneka phazi pabuleki mtsetse wonse, malainingi (aja amakhuzana ndi diramu mukaponda buleki) amapsa, diramu (chitsulo chozungulira cha mkati mwa tayala) imafufuma ndi kutentha ndiye mumaponda koma sizikugwira. Osapopanso buleki pafupipafupi ngati ya minibasi, kuponda kulikonse kumadya mpweya ndipo kompuresa siingabwezeretse msanga.

Kukagwa chiperoni, nkhungu ili thoo msewu ukuterera, chepetsani liwiro kale kale kona isanafike. Thiraki ikakhala yopanda katundu samalani ndi ritada, imatha kutereretsa matayala akumbuyo.

Mukamva fungo lopserera kapena mwaona utsi kumatayala, pezani malo athyathyathya muime buleki ikadagwira. Ikani miyala ndi matirayango, dikirani zizizire zokha. Madzi musathire, diramu yotentha imang'aluka.

Nanga yakaniratu? Musazimitse injini, siteringi ilimba. Ekizozi buleki ikhale yoyatsa, lizani hutala ndi mahazadi, kokani handibuleki pang'onopang'ono ngati yanu imalola kutero, mukaikoka kamodzin'kamodzi matayala amaloka thirela n'kupingasa. Maso afune poimitsira msanga liwiro lisanachuluke: kanjira kokwera kolowera m'munda wa tiyi, kapena khwekhwerezani mbali ya galimoto kukhoma la phiri, osati mbali ya phompho. Bola thiraki iphwanyike bodi kusiyana n'kukalowa nayo pamsika.

Ikaima musanamizike kuti poti yazizira ndiye yachira. Malainingi akapsa amauma n'kusalala, sagwiranso ngati kale. Itanani makaniko atsegule aone malainingi, madiramu ndi ma slack adjuster (timikono tosinthira mpata wa buleki) musanakwerenso, olo pepala la COF likunena kuti galimoto ili bwinobwino.