Chiwala chaminga chotha mapira ndi mchewere: chitchingeni chisanalowe m'munda

Alimi a mapira ndi mchewere m'madera ouma a Namibia, Botswana, Zimbabwe, kumwera kwa Angola ndi kumpoto kwa South Africa amachidziwa bwino chiwala chonenepa ichi, chokhala ndi minga pamsana. Akatswiri amachitcha Acanthoplus discoidalis, ndipo amene anayamba kuchilongosola ndi katswiri wa tizilombo Francis Walker mu 1869. Chili m'banja la Tettigoniidae, la ziwala za tinyanga titalitali, osati la dzombe. Kusiyanaku ndi kofunika kwa mlimi: dzombe limagwa kuchokera m'mwamba, pomwe ichi sichiuluka konse. Chimafika m'munda chikuyenda, ndipo choyenda pansi chimatchingika.

Kwawo kwenikweni ndi kutchire la udzu ndi zitsamba. Chachikazi chimakwirira mazira m'dothi, kawirikawiri pamthunzi wa zitsamba za m'mbali mwa munda, ndipo amakhala momwemo chilimwe chonse mpaka mvula itanyowetsa nthaka. Ana ake amayamba ndi udzu ndi maluwa a kutchire. Akakula, cha m'ma Malichi mpaka Meyi, amakwera ngala za mapira njere zikadali zamkaka. Apa ndi pamene mlimi amalira.

Ntchito iyambe ngala zisanatuluke. Lambulani udzu ndi zitsamba m'malire a munda, kenako kumbani ngalande yozungulira, yakuya pafupifupi masentimita 50. Makoma ake akhale oongoka, chifukwa akapendekeka chiwala chimakwera n'kupitirira. Yenderani ngalandeyo m'mawa uliwonse, muphe zomwe zagweramo, muchotsenso timitengo togweramo tomwe tingasanduke mlatho. Ndikudziwa kuti kukumba n'kowawa, makamaka mukakhala nokha, ndiye gwirizanani ndi eni minda yoyandikana nanu.

Zomwe zalowa kale, tolani ndi manja mutavala magolovesi kapena pulasitiki. Chiwalachi chimaluma, chimasanza, ndipo chikaopsedwa chimathira magazi ake achikasu onunkha kuchokera m'mfundo za miyendo. Musakhudze m'maso musanasambe m'manja.

Chinthu china chimene ambiri amalakwitsa ndi kusiya zakufa m'munda. Ziwalazi zimadyana zokhazokha pofuna mchere ndi zomanga thupi, choncho chakufa chimodzi chimaitana zinzake. Zikwirireni kutali ndi mbewu. Mapira akakhwima kololani msanga, osasiya mapesi ali chiimire.