Momwe mungatsatire kusintha kwa mapuloteni otumiza uthenga pamene megakaryocyte ikukhwima

Mapulateleti, tizidutswa timene timathandiza magazi kuundana pa bala, amathothoka ku maselo akuluakulu a m'mafuta a m'mafupa otchedwa megakaryocyte, monga anasonyezera James Homer Wright mu 1906. Wophunzira za labotale amene akufuna kuona mmene mapuloteni otumiza uthenga amasinthira m'kati mwa maselowa angatsate njira iyi.

Choyamba, patulani maselo okhala ndi chizindikiro cha CD34 (puloteni ya pakhungu la maselo oyambirira opanga magazi) kuchokera m'magazi a m'chingwe cha mchombo kapena a munthu wamkulu. Asungeni pa kutentha kwa madigiri 37 ndi mpweya wa carbon dioxide wa 5 peresenti, ndipo muwathirire thrombopoietin, homoni yopangidwa makamaka m'chiwindi imene asayansi anaipatula mu 1994. Maselowa amakhwima n'kukhala ma megakaryocyte pakatha masiku 10 mpaka 14.

Chachiwiri, tapani maselo pang'ono masiku atatu kapena anayi alionse, ndipo makina a flow cytometry, oyeza selo limodzilimodzi, akuuzeni msinkhu wawo. CD34 imachepa, ndipo pa zizindikiro za megakaryocyte, CD41 imaonekera msanga, CD42b imabwera pambuyo. Ndi utoto wa propidium iodide mudzaona DNA ikuchuluka kuchoka pa 2N (mlingo wa selo wamba) kupita pa 4N, 8N kapena 16N, ngakhale maselo a m'chingwe cha mchombo nthawi zambiri safika patali chotero.

Chachitatu ndicho chimene ndikupempha kuti musachichite mothamanga. Amaneni maselo homoniyo kwa maola angapo, kenako muwapatsenso kwa mphindi 10 zokha, chifukwa ikangogwira pa cholandirira chake cha c-Mpl, puloteni ya JAK2 imadzuka n'kumata phosphate (kachidutswa kodzutsa puloteni) pa mapuloteni a STAT3 ndi STAT5 nthawi yomweyo. Ikani chubu pa ayezi mwamsanga, ndipo m'madzi oswera maselo mukhale kale sodium orthovanadate, mankhwala oteteza phosphate kuti isachotsedwe. Mukachedwa, ma enzyme amachotsa phosphate ija, pepala lanu la zotsatira n'kutuluka loyera ngati kuti uthenga sunadutse n'komwe.

Pomaliza, pa Western blot, njira yoonetsera mapuloteni pa pepala lapadera, yesani puloteni iliyonse kawiri: yomatidwa phosphate, ndi yonse pamodzi. Mukatero mudzasiyanitsa puloteni imene yachuluka ndi imene yangodzutsidwa. Yang'anirani puloteni ya ERK1/2, imene kugwira ntchito kwake kwa nthawi yaitali kumalimbikitsa kukhwima. Musaiwale puloteni ya RhoA, ngakhale mphamvu yake imayesedwa padera poona GTP (kamolekyu koidzutsa) imene yagwira. Mphamvuyo ikachepa pakati pa selo logawikana, selolo limalephera kuduka pawiri, ndiye limakula ndi DNA yambiri mpaka kutulutsa timichira tatitali timene timaduka n'kukhala mapulateleti.