Nkhuku zikayamba kufa mwadzidzidzi, pitani nazo kokayezetsa zisanawole

Dzuwa la Seputembala ndi Okutobala likafika pachimake, makhola ambiri kuno ku Lusaka, ku Kanyama, Chawama, Mtendere mpaka kuminda ya ku Chongwe amatsala pululu. Nkhuku imene dzulo imatola chakudya bwinobwino lero yazyolika, mapiko agwa, ikupuma kukamwa kuli yasaa, chitosi chake chamadzimadzi chobiriwira. Zina zimapotoka khosi mutu n'kuyang'ana kumsana. Mlimi akaona zimenezi amati ndi chitopa, n'kuthamangira kusitolo kukagula ufa wachikasu uja wothira m'madzi akumwa. Ngati chilidi chitopa, ndalama imeneyo yalowa m'madzi, chifukwa mankhwala amenewo amapha mabakiteriya pomwe chitopa chimayambitsidwa ndi vayirasi.

Koma kodi mwatsimikiza bwanji kuti ndi chitopa? Ngakhale dokotala wa ziweto wazaka zambiri pantchito sangasiyanitse ndi maso okha chitopa ndi chimfine cha mbalame choopsa chija cha H5N1. Zonse zimapha mofulumira, zimatupitsa kumaso, zimabanikitsa. Mu 2023 chimfine cha mbalame chinaphetsa nkhuku mamiliyoni ku South Africa mpaka mazira anasowa m'masitolo, ndipo nthendayi imatha kugwira munthu. Palinso kolera ya nkhuku, imene imapha mwadzidzidzi chimodzimodzi koma iyo ndi ya mabakiteriya ndipo imamva mankhwala. Chochita pa nthenda iliyonse mwa zitatuzi n'chosiyana, ndiye kuyeza n'kumene kumakuuzani njira.

Kuno ku Lusaka tili ndi mwayi umene alimi a kutali alibe. Labotale yoyezera nthenda za ziweto ya Central Veterinary Research Institute ili pompano ku Balmoral, ndipo sukulu ya madokotala a ziweto ya University of Zambia ili pamsewu wa Great East. Inu yambirani kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ku ofesi ya ziweto ya boma lanu, iwo ndiwo adziwa kotumiza. Chitopa ndi chimfine cha mbalame ndi nthenda zimene lamulo limafuna kuti akuluakulu a ziweto adziwitsidwe, choncho musachite manyazi kapena mantha kukanena.

Kulabotale amagwiritsa ntchito njira yotchedwa PCR. Amatenga timamina ta kukhosi, tachitosi ta kumatako, kapena kachidutswa ka mapapo, kapamba ndi ubongo, n'kufufuzamo chibadwa cha vayirasiyo. Makina amachulukitsa kachidutswa ka chibadwacho kambirimbiri mpaka kaoneke. Vuto n'lakuti chibadwa chimenechi sichichedwa kuwonongeka nyama ikayamba kuwola. Nkhuku imene yagona padzuwa kuyambira m'mawa, n'kudzafika kwa dokotala mkucha itatupa mimba, siingawauze kanthu odziwa kuyeza.

Apa ndiye mumvetsetse. Sankhani nkhuku ziwiri kapena zitatu zimene zangofa kumene, thupi likadali lofunda. Ngati ilipo yodwalika koma yamoyo, muuzeni mlangizi, chifukwa imeneyo ndiyo yabwino kwambiri kuyeza. Musaitumbule kuti muone m'kati. Valani mapepala apulasitiki m'manja, ikani nkhuku iliyonse m'thumba lakelake, mangani, kenaka mulowetse m'thumba lachiwiri. Ikani m'kabokosi kosunga kuzizira pamodzi ndi mabotolo a madzi oundana. Nkhukuyo izizire koma isaume gwaa, popeza kuundana kumawononga ziwalo zimene dokotala afuna kuziona; ndipo musaiike mufiriji ya zakudya za banja. Ifike tsiku lomwelo. Mukatha sambani m'manja ndi sopo musanagwire kumaso, chifukwa ngakhale chitopa chimatha kufiiritsa maso a munthu kwa masiku angapo.

Tengani ndi kapepala kolembapo kuchuluka kwa nkhuku zanu, msinkhu wake, tsiku limene yoyamba inafa, zafa zingati tsiku lililonse, katemera amene munapereka ndi tsiku lake, mankhwala amene mwathira kale, komanso ngati mwalowetsa nkhuku zachilendo posachedwa. Chitopa chimabisala m'thupi masiku 2 mpaka 15 chisanaonekere, kawirikawiri 5 kapena 6. Tambala wooneka wathanzi amene munagula kumsika wa Soweto Loweruka lapitalo akhoza kukhala ndiye anachibweretsa.

Za katemerazo musazibise kapena kungoyerekeza. Pali kuyeza kwina kwa magazi kumene kumaona chitetezo chimene thupi la nkhuku lapanga. Chitetezo chochokera ku katemera ndi chochokera ku nthenda yeniyeni chimaoneka mofanana, ndiye woyezayo akapanda kudziwa kuti munatemera liti sangamasulire bwino zotsatira.

Ofufuza amene akhala akuwerenga chibadwa cha vayirasi ya chitopa kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Zambia, apeza mtundu wotchedwa genotype VII. Katemera wa LaSota amene timagula m'masitolo anachokera ku vayirasi imene inapezeka ku America mu 1946, ya mtundu wina. Alimi ena akamva zimenezi amati ndiye kuti katemera alibe ntchito. Ayi ndithu. Katemera woperekedwa bwino amatetezabe nkhuku kuti isafe. Chimene kafukufuku waonetsa n'chakuti nkhuku yotemeredwa ikhoza kutenga vayirasi, iyo osadwala, koma n'kumaitulutsa m'chitosi. N'chifukwa chake nkhuku yachilendo iliyonse, yotemeredwa kapena ayi, ikhale payokha masabata atatu isanasakanikirane ndi zanu.

Thupi la nkhuku limafuna masabata awiri kapena atatu kuti limange chitetezo chokwanira ikatemeredwa, ndiye kutemera nthenda italowa kale m'khola n'kuchedwa. Nkhuku zachikuda zipatsidwe katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse. Katemerayu amapirira kutentha kuposa enawo, komabe asungidwe pozizira. Wa LaSota amafuna madigiri 2 mpaka 8, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi kuno m'pofunika kumufunsa wogulitsa kuti firiji yake imatani magetsi akapita. Mukamapereka katemera m'madzi akumwa, pewani madzi a pampopi onunkha klorini, ndipo nkhuku zimalize madziwo pasanathe maola awiri. Oweta mabuloyila ndi zoikira mazira asaiwalenso katemera wa Gumboro. Nthenda imeneyi imawononga kachiwalo ka pafupi ndi kumatako kamene kamathandiza mwanapiye kupanga chitetezo, moti anapiye amene anadwalapo Gumboro samva bwino katemera wa chitopa.

Podikira zotsatira, khola litsekedwe. Musagulitse, musapatse achibale, ndipo musaphe zodwala kuti zikhale ndiwo. Ndikudziwa kuti kuona nkhuku zikutha kumapweteka ndipo mtima umati ndipezepo kangachepe zisanafe zonse, koma nkhuku zogulitsidwa motero ndizo zimasamutsa nthenda kuchoka komboni ina kupita ina. Zakufa muzikwirire m'dzenje lakuya loti agalu asafukule, kapena muzitenthe, ndipo nsapato zimene mumalowa nazo m'khola zizitsala pakhomo pa kholalo.