Hot tub itakana kutentha mu Januwale

Kuno ku Yorkshire, ku England, chisanu chitafika pachimake, hot tub (bafa lalikulu lapanja la madzi otentha) ya panyumba yomwe ndimasamalira inayamba kuvuta. Timaiika pa madigiri 38, koma m'mawa madzi ankapezeka atazizira, ndipo pasikirini pankaoneka chenjezo loti madzi sakuyenda bwino. Eni nyumba anali atagamula kale kuti hita yapsa.

Hitayo inalibe vuto. Makinawa ali ndi kachipangizo kamene kamazimitsa hita madzi akamayenda pang'ono, kuti isapse. Ndinazimitsa magetsi, n'kuchotsa fyuluta (sefa ya madzi), kenako n'kuyatsanso kwa kanthawi fyuluta ili kunja. Chenjezo lija linazimiririka pomwepo. Fyulutayo inali itatsekeka ndi mafuta odzola, amene anthu amawapaka kwambiri nyengo ino chifukwa khungu limauma.

Ndinaitsuka ndi madzi apapaipi, pindo lililonse palokha, n'kuiviika usiku wonse m'mankhwala otsukira mafyuluta. Mkatimo ndinaikamo ina yomwe timasungira. Kuzimitsa makina mpaka kukacha sindikanayerekeza, poti kunja kukamazizira chonchi madzi amaundana m'mapaipi n'kuwaphulitsa.

Kenako ndinayeza pH (mlingo wa asidi m'madzi) n'kuibwezera pakati pa 7.2 ndi 7.8. Tsopano fyuluta ndimaitsuka sabata iliyonse.