Mwana wopalasa bwato yekha pa mwera: mungalembe bwanji kuti owerenga akhulupirire?

Alembi ambiri amakayika ngati owerenga angavomere kuti mwana waika moyo wake pachiswe pongofuna kuonetsa kuti wakula. Amavomera ndithu, bola mwanayo asaoneke ngati wasankha imfa. M'mutu mwake mulibe maliro, muli nkhope ya munthu amene anamunyoza. Nkhani zambiri zimagwa chifukwa mlembi amamulankhulitsa mwana kuti, "Kaya ndifa, ndife." Amenewo ndi mawu a munthu wamkulu wotopa ndi moyo. Mwana amangoti, "Ndibwerako pompano."

Yambani ndi msinkhu. Mwana wosakwana zaka 5 amaona imfa ngati tulo kapena ulendo, choncho akalowa m'madzi akuya ndi ngozi chabe. Pofika zaka 7, ana ambiri amakhala atazindikira kuti wakufa sabwerera. Msinkhu woyenera nkhani yotere ndi zaka 12 mpaka 16: thupi lili ndi mphamvu, mtima ukufuna ulemu, koma mbali yakutsogolo ya ubongo, yomwe imathandiza munthu kudziletsa, imamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25.

Kenako m'patseni bala. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 13 kunyanja, ku Nkhotakota. Asodzi akukonzeka kupita kokapha usipa, iye wanyamula kale nkhafi, ndiye malume ake akumulanda pamaso pa anthu n'kuti, "Iwe mwana wa dzulodzuloli, khala ndi amako kumtunda." Mawuwo akhale ochepa, koma anenedwe pagulu, ndipo pakhale wina woseka. Ndi bwinonso owerenga aone kuti aka si koyamba. Kunyozedwa kamodzi sikufikitsa mwana panyanja, koma kawiri kapena katatu m'mitu yoyambirira kumakwanira.

Apa ndi pomwe mboni imafunika kwambiri. Mu 2005, akatswiri a zamaganizo Margo Gardner ndi Laurence Steinberg anaseweretsa anthu gemu yoyendetsa galimoto pa kompyuta, ena ali okha, ena anzawo awiri akuonerera. Achinyamata anachita zoika moyo pangozi zochuluka kwambiri pamene anzawo ankawaona, pomwe kwa akuluakulu kusinthako kunali kochepa. Ndiye musamusiye mnyamata wanu yekhayekha pagombe. Ikanipo mnzake, msuweni wake, kapena mtsikana amene akutsuka mbale m'mphepete mwa madzi. Sayenera kunena kanthu, kungotukula mutu n'kuyang'ana basi.

Luso lake likhale latheka. Mwana amene sanagwirepo nkhafi sangakankhire bwato m'madzi, ndipo owerenga adzati ndi bodza. Wanuyu amatha kupalasa, wapitapo kangapo ndi malume ake m'mawa nyanja ili bata. Chomwe sakudziwa ndi kuwerenga nyengo. Mwera, mphepo yochokera kummwera chakummawa, umawomba kwambiri m'miyezi yozizira monga June ndi July, ndipo asodzi enieni akauona amakokera mabwato kumtunda. Iye akuona mabwato ali pamchenga, n'kuganiza kuti mwayi wake ndi womwewu.

Ngoziyo ikule pang'onopang'ono. Asanyamuke ndi cholinga chowoloka nyanja, angofuna kukafika pamwala uja n'kubwerera. Akafikapo, aone kuti pagombe akumuyang'anabe, awonjezereko pang'ono. Pa masitepe atatu kapena anayi otere, lililonse lioneke laling'ono, mpaka kubwerera kukhale kovuta kuposa kupitirira.

Mantha akafika, alembeni m'thupi, osati m'maganizo ataliatali. Funde loyamba lalowa, madzi afika m'akakolo. Akufuna kukapa ndi chigubu chodula, koma akasiya nkhafi bwato likupereka nthiti ku mafunde, ndipo bwato lamtengo likatero silichedwa kugudubuzika. Zikhatho zatuluka matuza, mano akugwedezeka ndi kuzizira, nyumba zakumtunda zasanduka timadontho. Ziganizo zikhale zazifupi apa. Mwanayo aitane amake, ngakhale anachoka atawakwiyira.

Cholakwika china chofala ndi kumusandutsa ngwazi pamapeto, mudzi wonse ukumuombera m'manja. Zimenezo zimachotsa kulemera kwa nkhani, komanso zimauza mwana wowerenga kuti ulemu umagulidwa chotero. Ngati apulumuka, apulumutsidwe ndi ena, ndipo pakhale mtengo wake: bwato la malume lasweka pamiyala, banja latsala opanda chopezera ndiwo, ndipo mawa lake malumewo akusoka ukonde osamuyang'ana n'komwe.