Momwe mungasinthire fyuluta ya AC ya galimoto muli pakhomo

Mukayatsa fani mpaka pa 4 koma mpweya n'kumatuluka mwaulesi, kapena m'galimoto n'kumanunkha chinyezi, musathamangire kukathira gasi wa AC. Nthawi zambiri wolakwa ndi fyuluta yosefa mpweya wolowa m'kati momwe mumakhala anthu. Si ija ya injini ili pansi pa boneti ayi. Iyi ndi ina, ndipo eni magalimoto ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo.

Pa Toyota zambiri zochokera ku Japan, monga Corolla, Axio ndi Vitz, imakhala kuseri kwa kabokosi kosungiramo mapepala, kutsogolo kwa mpando wa kumanzere. Ntchito yake sifika mphindi 15, ndipo sipanala sifunika.

Yambani mwazimitsa injini, kenako tsitsani zonse zili m'kabokosiko: mapepala a inshuwalansi, matchaja, malisiti akalekale. M'mbali mwake muona kandodo kapulasitiki komwe kamakagwira kuti kasamatseguke mwamphamvu. Kakokereni pambali pang'onopang'ono kuti kachoke pamalo pake. Mukatero finyani mbali zonse ziwiri za kabokosi ndi manja awiri, timano togwira tidutse, ndipo kagwera pansi kokha. Pulasitiki ya galimoto yomwe yaotha dzuwa la ku Nsanje kapena Salima kwa zaka zambiri imathetheka msanga, choncho pasakhale zolimbana.

Walitsani tochi ya foni. Muona kachivindikiro kopyapyala kopingasa. Dinani timano ta m'mbali, kachotseni, fyuluta ili pomwepo.

Apa ndiye pofunika kudekha. Musanaisolole, onani komwe kwaloza muvi wolembedwa m'mphepete mwake, ngakhale kuijambula kumene. Za Toyota zenizeni zimalembedwa UP, kutanthauza kuti mbali imeneyo iyang'ane kumwamba. Za makampani ena zimalembedwa AIR FLOW, ndipo muviwo umasonyeza komwe mpweya ukupita, komwe pa magalimoto amenewa ndi pansi, chifukwa fani ili m'munsi mwa fyuluta. Ambiri amasokonezeka pamenepa n'kuika chadodolido.

Isololeni ili chogona, osaipendeketsa, kuopa kuti zinyalala zingagwere mu fani n'kuyamba kuphokosera. Ine nditatsegula yanga koyamba ndinapezamo masamba ouma, fumbi lofiira lochita kugwirana ngati dothi la m'munda, ndi makoko a mtedza omwe khoswe anatutira m'menemo. Mukaona zitosi za makoswe, vekani dzanja pulasitiki kapena gulovu, mupukute ndi kansalu konyowa. Osauzira ndi pakamwa. Magalimoto ena mupeza malowo ali pululu, opanda fyuluta. Ikanimo, malo ake ndi omwewo.

Njira yosavuta yogulira yatsopano ndi kunyamula yakaleyo popita ku shopu ya masipeya, mukaiyerekeze ndi yatsopanoyo pakauntala, kapena mupereke nambala ya chasisi. Yaing'ono imasiya mipata, fumbi n'kumadutsa m'mbali. Ilipo yotuwa yokhala ndi makala m'kati, yodulirapo, koma imachepetsa fungo la utsi wa maminibasi ndi malole. Kwa woyenda m'tauni tsiku ndi tsiku, ine ndinganene kuti ndalamayo siipita pachabe. Zomapopa fyuluta yakale ndi kompuresa kapena kuichapa zisiyeni: ndi yapepala, imabooka kapena kuchita nkhungu.

Lowetsani yatsopano mosaipinda, bwezani kachivindikiro mpaka kalire kuti "kha", kwezani kabokosi, ndipo musaiwale kukoleka kandodo kaja. Yatsani fani mumve kusiyana kwake.

Opanga magalimoto ambiri amati izisinthidwa pakatha chaka kapena makilomita pafupifupi 15,000, koma amene amayenda m'misewu yafumbi asadikire mpaka pamenepo. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Okutobala, fumbi ndi utsi wa moto wolusa zitachita zake, mvula isanayambe, chifukwa fyuluta yotsekeka imachedwetsa kuchotsa nthunzi pagalasi lakutsogolo. Lembani tsiku ndi makilomita m'mphepete mwa fyulutayo ndi bolopeni musanaitsekere.