Momwe mungakwerere phiri la Le Conte tsiku limodzi m'dera la zimbalangondo

Phiri la Le Conte lili m'nkhalango yotetezedwa ya Great Smoky Mountains, m'chigawo cha Tennessee ku America, ndipo ndi lalitali mamita 2,010. Amene anafikapo pa Sapitwa ku Mulanje, pamene ndi mamita 3,002, sangaope msinkhu umenewu, komabe m'nkhalangoyi muli zimbalangondo zakuda zomwe oyang'anira malowa amati zilipo pafupifupi 1,900. Ine ndalikwera kawiri kudzera njira ya Alum Cave, yomwe ndi makilomita pafupifupi 8 kukafika pamwamba, ndipo munthu wamphamvu zake amapita ndi kubwerako m'maola 6 mpaka 8.

Yambani ndi nkhani ya galimoto. Polowa m'nkhalangoyi salipiritsa, koma kuyambira mu Malichi 2023 aliyense woimika galimoto kupitirira mphindi 15 amayenera kukhala ndi chiphaso, chomwe ndi madola 5 pa tsiku, 15 pa sabata kapena 40 pa chaka. Njirayi imayambira m'mbali mwa msewu wa Newfound Gap, kumwera kwa tauni ya Gatlinburg, ndipo malo oimika galimoto amadzaza m'mamawa kwambiri, choncho muzifika isanakwane 7 koloko. Agalu saloledwa m'njira imeneyi.

Kenako gulani mankhwala otchedwa bear spray, opopera chimbalangondo kumaso kuti chithawe chikafuna kukugwirani, omwe nthawi zambiri amagulitsidwa pa madola 40 mpaka 50. Pano chenjerani ndi ogulitsa ena a m'mbali mwa msewu ndi a pa intaneti, amene amakupatsani kabotolo kakang'ono kodzitetezera kwa achifwamba n'kukuuzani kuti n'chimodzimodzi. Botolo lenileni ndi lalikulu, limalembedwa kuti ndi la zimbalangondo, ndipo limakhala ndi deti losonyeza nthawi yothera mphamvu. Mankhwalawa saloledwa m'ndege, choncho amene mukuchokera kutali muwagule mukafika.

Gawo loyamba la njirayi limatsata mtsinje ndipo ndi losavuta. Mukayenda makilomita awiri mudzadutsa pa Arch Rock, pamene masitepe amalowa m'mphako ya thanthwe n'kutulukira pamwamba pake, ndipo musanakwanitse makilomita anayi mudzafika pa Alum Cave Bluffs, thanthwe lalikulu lolendewera ngati khonde, pamene anthu ambiri amapumirapo n'kudya kamba wawo.

Pamenepa m'pamene ine ndinalakwitsa paulendo wanga woyamba. Ndinatula chikwama, ndinadya buledi wopaka chiponde, kenako ndinachisiya chili chotsegula n'kusendera chapatali kuti ndijambule zithunzi. Nditatembenuka ndinaona chimbalangondo chikutuluka m'tchire chakumunsi, mphuno ili m'mwamba, chikuyenda mosathamanga kulunjika pa chikwamacho, ndipo mankhwala anga opopera anali m'kati mwa chikwama chomwecho, pansi pa jekete. Miyendo inandiuza kuti ndithawe, ndipo mtima unandiuza kuti ndikalande chikwama chifukwa makiyi a galimoto analinso momwemo. Mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi ndi amene anandigwira mkono n'kuitana ena atatu kuti tiime pamodzi. Tinakweza manja, tinakuwa, tinaomba m'manja, ndipo chilombocho chinaima n'kutiyang'ana kwa kanthawi, kenako chinalumphira papepala la buledi n'kubwerera nalo kutchire. Chikwama chinapulumuka, koma lamba wake anatsala ndi dovu, ndipo manja anga ananjenjemera mpaka tinafika pamwamba.

Kuyambira tsiku limenelo botolo ndimalimangirira pa lamba wa pachifuwa, pamene dzanja lingalipeze msanga, ndipo chikwama sindichisiya patali ngakhale pokajambula. Zinyalala zonse, ngakhale makoko a nthochi, muzibwerera nazo. Chimbalangondo chikazolowera chakudya cha anthu chimasiya kuwaopa, ndipo kawirikawiri mathero ake amakhala kuphedwa ndi oyang'anira nkhalango, n'chifukwa chake nditatsika ndinakanena zimene zinachitika ku ofesi yolandirira alendo ya Sugarlands.

Lamulo la m'nkhalangoyi limaletsa kuyandikira chimbalangondo dala kufika pa mamita pafupifupi 45. Mukakumana nacho musathamange, chifukwa chimathamanga kuposa munthu ndipo chimakwera mitengo. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono mukuchiyang'ana. Chikayamba kukutsatirani, imani, kuwani mwamphamvu ndi kuchigenda ndi miyala kapena ndodo. Malangizo oti munthu adzigwetse pansi ngati wafa ndi a zimbalangondo zamtundu wa grizzly, zomwe m'nkhalangoyi mulibe, ndipo chakuda chikakugwirani muyenera kumenyana nacho ndi chilichonse chimene muli nacho.

Kuchoka pa Bluffs njira imakwera kwambiri ndipo imadutsa m'mbali mwa phompho, pamene anamangapo zingwe zachitsulo zogwirira. Mvula ikagwa miyala imaterera, ndipo m'nyengo yozizira pamaundana madzi. Pamwamba pali nyumba zogona alendo za LeConte Lodge, zomwe katundu wake amabwera pamsana pa nyama zotchedwa llama kudzera njira ya Trillium Gap. Nsonga yeniyeni, High Top, ndi mulu wa miyala pakati pa mitengo ndipo palibe chooneka, choncho pitani ku Cliff Tops kapena ku Myrtle Point, kumene mapiri amaoneka atandandalikana mpaka kutali ngati kulibe nkhungu. Valani jekete chifukwa kumazizira ngakhale m'chilimwe, ndipo muyambe kutsika isanakwane 2 koloko masana podzera njira yomweyo.